Frank Marshall

Frank James Marshall (10 Ogasiti 1877 – 9 Novembala 1944) anali katswiri wa masewero a tchesi wa ku United States. Iye anali ngwazi ya tchesi ya dzikolo kwa zaka 27, kuyambira mu 1909 mpaka mu 1936, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ankawerengedwa m'gulu la osewera amphamvu kwambiri padziko lonse. Mu 1907 anapikisana ndi Emanuel Lasker polimbirana ukatswiri wa dziko lonse, koma anagonja.

Marshall ankadziwika ndi kasewero kolusa. Ankakonda kuukira mfumu ya mnzake mofulumira, ngakhale zitatanthauza kutaya zida zake zina, komanso anali ndi luso lotchera misampha pamene gemu ikuoneka kuti yamuthawa. Masiku ano dzina lake limakumbukiridwa makamaka chifukwa cha njira yoyambira gemu yotchedwa Marshall Attack, momwe wosewera ndi zida zakuda amapereka poni mmodzi mwadala kuti apeze mpata woukira. Njirayi inatchuka pa gemu yomwe iye anasewera ndi José Raúl Capablanca mu 1918, ndipo akatswiri akuluakulu akuigwiritsabe ntchito mpaka lero. Marshall ndi amenenso anayambitsa kalabu ya Marshall Chess Club mumzinda wa New York.

Ubwana

Marshall anabadwira ku New York pa 10 Ogasiti 1877. Ali ndi zaka 8, banja lake linasamukira ku Montreal m'dziko la Canada, komwe anakhala mpaka atakwanitsa zaka 19. Anayamba kusewera tchesi ali ndi zaka 10, ndipo pofika mu 1890 anali kale mmodzi mwa osewera odziwika mumzindawo. Mu 1893 Wilhelm Steinitz, yemwe pa nthawiyo anali katswiri wa dziko lonse, anafika ku Montreal kudzasewera ndi anthu ambiri nthawi imodzi. Marshall anali mmodzi mwa anthuwo. Anagonja, koma aka kanali koyamba kukumana ndi wosewera wa msinkhu wotero.

Atabwerera ku New York analowa kalabu ya Brooklyn Chess Club, ndipo mu 1899 anakhala katswiri wa kalabuyo. Chaka chomwecho anawoloka nyanja kupita ku London, komwe kunkachitika mpikisano waukulu wa mayiko osiyanasiyana. Popeza dzina lake linali lisanadziwike ku Ulaya, anaikidwa mu mpikisano waung'ono womwe unkachitika pambali pa waukuluwo, ndipo anapambana.

Kutchuka ku Ulaya ndi kwawo

Mu 1900 Marshall anaitanidwa ku mpikisano wa ku Paris. Kumeneko anagonjetsa Lasker, katswiri wa dziko lonse, komanso Harry Nelson Pillsbury, yemwe anali katswiri wa United States. Gemu ya Marshall ndi yokhayo imene Lasker analuza pa mpikisanowo. Pomaliza Lasker anali woyamba, Pillsbury wachiwiri, ndipo Marshall anagawana malo achitatu ndi Géza Maróczy wa ku Hungary. Mu 1903 anakhala wachiwiri, kumbuyo kwa Mikhail Chigorin, pa mpikisano wa ku Vienna pomwe magemu onse ankayenera kuyamba ndi njira yolusa ya King's Gambit.

Chipambano chake chachikulu pa moyo wake wonse chinabwera mu 1904 ku Cambridge Springs, katauni kakang'ono ka m'chigawo cha Pennsylvania. Pa mpikisanowu panali osewera 16, kuphatikizapo Lasker, Pillsbury, Chigorin, Dawid Janowski ndi Carl Schlechter. Marshall anapambana magemu 11, analepherana ndi anzake pa magemu 4, ndipo sanaluze ngakhale imodzi. Anapeza mapointi 13 pa 15, kuposa Lasker ndi Janowski ndi mapointi awiri athunthu.

Chaka chomwecho anapambananso mpikisano wa ku St. Louis. Ena ankafuna kumutcha katswiri wa United States, koma iye sanavomere ulemuwo chifukwa Pillsbury, mwini mpando, sanasewere nawo. Pillsbury anamwalira mu 1906. Nkhani ya mpandowo inathetsedwa mu 1909, pamene Marshall anapikisana ndi Jackson Showalter, yemwe anakhalapo katswiri Pillsbury asanabwere. Marshall anapambana magemu 7, analuza 2, ndipo 3 analepherana.

M'zaka zotsatira anapambana mipikisano ina ya ku Ulaya, monga ku Scheveningen mu 1905, ku Nuremberg mu 1906 ndi ku Düsseldorf mu 1908. Kwawo anakhala woyamba ku New York mu 1911, ndipo mu 1913 anapambana ku Havana, mzinda wakwawo kwa Capablanca, kumusiya mwini mudzi pa nambala yachiwiri.

Mipikisano ya anthu awiri

Pa mipikisano ya anthu ambiri kasewero ka Marshall kankamupindulira, chifukwa kugonjetsa osewera ambiri apakati kumabweretsa mapointi ochuluka. Zinthu zinkasintha akakumana ndi katswiri mmodzi pa magemu ambiri otsatizana. Osewera odekha ankatseka njira zonse zoukira, n'kudikira kuti iye achite mopupuluma.

Mu 1905 anagonjetsa Janowski ku Paris, yemwenso anali wokonda kuukira, popambana magemu 8 ndi kuluza 5. Koma chaka chomwecho ku Nuremberg, Siegbert Tarrasch wa ku Germany anamugonjetsa magemu 8, iye n'kupambana imodzi yokha.

Mpikisano wake ndi Lasker wolimbirana ukatswiri wa dziko lonse unayamba mu Januwale 1907 n'kutha mu Epulo. Magemu anaseweredwa m'mizinda ya New York, Philadelphia, Washington, Baltimore, Chicago ndi Memphis. Lasker anapambana magemu 8, magemu 7 analepherana, ndipo Marshall sanapambane ngakhale imodzi. Sanapezenso mwayi wina wolimbirana mpandowo.

Mu 1909 anavomera kusewera ndi Capablanca, mnyamata wa zaka 20 wa ku Cuba yemwe anali asanasewerepo pa mpikisano waukulu wa ku Ulaya. Ambiri ankayembekezera kuti Marshall apambana mosavuta, koma Capablanca anatenga magemu 8, Marshall imodzi, ndipo 14 analepherana. Marshall sanamusungire chakukhosi mnyamatayo. Pamene mpikisano wa ku San Sebastián ku Spain unkakonzedwa mu 1911, iye analimbikira kuti Capablanca aloledwe kusewera nawo, ngakhale akatswiri ena ankati sanafike pa muyeso wofunika. Capablanca analoledwa ndipo anapambana mpikisanowo. Marshall anakhala wachinayi.

Gemu ya ku Breslau

Gemu yotchuka kwambiri imene Marshall anapambana inaseweredwa mu 1912 ku Breslau, mzinda womwe lero ukutchedwa Wrocław m'dziko la Poland. Iye anali ndi zida zakuda polimbana ndi Stefan Levitsky wa ku Russia. Pa kusuntha kwa nambala 23, mfumukazi ya Marshall inali itaopsezedwa ndi nsanja. M'malo moithawitsira kumalo otetezeka, iye anaiika pa g3, patsogolo penipeni pa maponi oteteza mfumu yoyera, pomwe ikanatha kudyedwa m'njira zitatu.

Njira zonse zitatuzo zinali zoluza. Poni wa pa h2 akanadya mfumukaziyo, kavalo akanalumphira pa e2 n'kutsekereza mfumu nthawi yomweyo. Poni wa pa f2 akanadya, kavalo akanaopseza mfumu pa e2, kenako nsanja n'kumaliza pa f1. Mfumukazi yoyera ikanadya, kavalo akanaibweza pomwepo ndipo wa zakuda akanatsala ndi chida chimodzi choposa mnzake. Kusadya nakonso sikukanathandiza, popeza mfumukaziyo inali kuopseza kutsekereza mfumu pa h2. Levitsky anagonja osasunthanso kanthu. Pali nthano yakuti oonerera anaponya ndalama zagolide pabolodi chifukwa cha chisangalalo, ndipo n'chifukwa chake gemuyi imatchedwa gemu ya ndalama zagolide. Olemba ena amati ndalamazo zinali za anthu omwe ankalipira kubetcha komwe analuza.

St. Petersburg ndi nthawi ya nkhondo

Mu 1914 Marshall anasewera pa mpikisano wa ku St. Petersburg, pomwe panali osewera 11 ndipo asanu okha ndi amene ankapitirira ku ndime yomaliza. Iye analowa m'gulu la asanuwo limodzi ndi Lasker, Capablanca, Alexander Alekhine ndi Tarrasch, pamene Akiba Rubinstein, yemwe ambiri ankamuona ngati woyenera kulimbana ndi Lasker, anatsalira. Marshall anamaliza pa nambala 5. Mabuku ambiri amanena kuti mfumu ya Russia, Nicholas II, inapatsa asanuwa dzina laulemu la grandmaster, koma ofufuza mbiri ya tchesi, monga Edward Winter, amakayikira nkhaniyi chifukwa inayamba kulembedwa patapita zaka zoposa 20.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inabuka Marshall ali pa mpikisano wa ku Mannheim ku Germany. Mpikisanowo unaimitsidwa usanathe, ndipo iye anabwerera kwawo. Kwa zaka zingapo mipikisano ya ku Ulaya inasowa, choncho anaika mtima pa tchesi ya ku New York.

Marshall Attack

Njira yomwe ili ndi dzina lake ndi nthambi ya Ruy Lopez, imodzi mwa njira zakale komanso zofala kwambiri zoyambira gemu ya tchesi. Ruy Lopez inatenga dzina la Ruy López de Segura, wansembe wa ku Spain yemwe anailongosola m'buku lake la mu 1561. Kawirikawiri m'njira imeneyi wa zoyera amapanikiza mnzake pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, ndipo wa zakuda amakhala akudziteteza m'malo opanikizika. Maganizo a Marshall anali otembenuza zinthu, kuti wa zakuda ndi amene ayambe kuukira.

Polemba magemu a tchesi, chilembo K chimaimira mfumu, Q mfumukazi, R nsanja, B bishopu ndipo N kavalo. Poni alibe chilembo. Chizindikiro cha x chimatanthauza kudya, + kuopseza mfumu, ndipo 0-0 ndi kubisa mfumu pakona mothandizana ndi nsanja. Marshall Attack imayamba motere:

1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bb5 a6 4.Ba4 Nf6 5.0-0 Be7 6.Re1 b5 7.Bb3 0-0 8.c3 d5

Posuntha 8.c3, wa zoyera amakonzekera kukankha poni wina kufika pa d4 kuti alamulire pakati pa bolodi. Kusunthaku kuli ndi mtengo wake: poni amakhala pa c3, pomwe kavalo wa pa b1 akanatulukira. Wa zakuda amayankha nthawi yomweyo ndi 8...d5. Zikatero gemu imapitirira ndi 9.exd5 Nxd5 10.Nxe5 Nxe5 11.Rxe5, ndipo wa zoyera amakhala ndi poni mmodzi woposa mnzake.

Phindu la wa zakuda limaoneka munthu akayang'ana pomwe zida zaima. Kavalo woyera wa pa f3, yemwe nthawi zonse amalondera mfumu, wachoka pabolodi. Kavalo wina, bishopu mmodzi ndi nsanja imodzi zidakali pamalo pomwe zinayambira, ndipo pamafunika kusuntha kangapo kuti zilowe m'nkhondo. Nsanja ya pa e5 ili poyera, moti wa zakuda amaithamangitsa kwinaku akutulutsa zida zake. Mabishopu onse awiri akuda ali ndi njira zotseguka zoloza kumbali ya mfumu yoyera. Funso la gemu yonse limakhala lakuti kodi wa zoyera apirira mpaka zida zake zitatuluka, kapena mfumu yake igwa zisanafike.

Gemu ndi Capablanca mu 1918

Njirayi inadziwika padziko lonse pa 23 Okutobala 1918, m'ndime yoyamba ya mpikisano wa ku Manhattan Chess Club ku New York. Capablanca anali ndi zida zoyera. Ataona poni woperekedwayo anadziwa kuti akulowa m'zinthu zomwe mnzake anakonzekera kunyumba, koma anadyabe.

Marshall anasewera 11...Nf6, kubweza kavalo kuti apite kukaukira. Gemu inapitirira ndi 12.Re1 Bd6 13.h3 Ng4 14.Qf3 Qh4 15.d4 Nxf2. Apa kavalo wakuda anali ataperekedwa nsembe pafupi ndi mfumu yoyera. Capablanca akanamudya ndi mfumukazi, Marshall akanayamba waopseza mfumu ndi bishopu pa h2 kuti isunthire pa f1, kenako n'kubweza bishopuyo pa g3, ndipo wa zoyera akanakhala pamavuto aakulu. Capablanca anaona msamphawo n'kusewera 16.Re2.

Marshall anapitiriza kuthira moto ndi 16...Bg4 17.hxg4 Bh2+ 18.Kf1 Bg3 19.Rxf2 Qh1+ 20.Ke2. Mfumu yoyera inayamba ulendo wothawa, kudutsa pa e2 ndi d3 mpaka inakabisala pa c2, kumbali ina ya bolodi. Itafika kumeneko, Marshall anali atatha zida zoukira nazo. Capablanca anatulutsa zida zake zomwe zinatsekeredwa, anakankha poni mmodzi mpaka pa b7, ndipo pa kusuntha kwa nambala 36 anaopseza mfumu yakuda ndi bishopu pa f7. Marshall anagonja. Gemuyi imaphunzitsidwa mpaka lero ngati chitsanzo cha kudziteteza modekha. Capablanca anapambana mpikisano wonsewo, Borislav Kostić anakhala wachiwiri ndipo Marshall wachitatu.

Kwa nthawi yaitali anthu ankanena kuti Marshall anabisa njirayi kwa zaka zambiri, kudikira tsiku lobwezera Capablanca pa zomwe zinachitika mu 1909. Zolembedwa zimasonyeza zina. Kusuntha kwa 8...d5 kunaonekapo kale mu 1893 ku Havana, pa gemu ya Carl Walbrodt, ndipo Marshall mwiniyo anakusewera mu 1917 polimbana ndi Walter Frere. Chomwe iye anachita n'kuibweretsa njirayi pa bwalo lalikulu, polimbana ndi wosewera yemwe ankaonedwa ngati wosagonjetseka.

Mmene njirayi inakulira

Chifukwa chakuti Marshall analuza gemu ija, kwa zaka zambiri akatswiri ankaiona njirayi ngati yokayikitsa. Zinthu zinasintha pamene osewera anasiya 11...Nf6 n'kuyamba kusewera 11...c6. Kusunthaku kumalimbitsa kavalo pa d5, pomwe amatchinga bishopu woyera wa pa b3, ndipo kumapatsa mpata bishopu wakuda kupita pa d6. Njira yodziwika kwambiri imapitirira ndi 12.d4 Bd6 13.Re1 Qh4 14.g3 Qh3.

Pamenepa mfumukazi yakuda yakakamiza poni kusunthira pa g3, zomwe zimasiya timabokosi toyera tozungulira mfumu, monga f3, g2 ndi h3, topanda mlonda. Wa zakuda amabweretsa bishopu pa g4, nsanja pa e8 kenako pa e6, kuchokera pomwe ingathe kuwolokera pa h6, ndipo nthawi zina amakankha poni wa pa f7 kufika pa f5 ndi f4 kuti aswe linga la mfumu. Wa zoyera amayesetsa kubweza mfumukazi yake pa f1 kuti asinthanitse ndi yakuda, kutulutsa kavalo kudzera pa d2, ndi kutsegula njira ya nsanja yake pokankha a4. Ngakhale mafumukazi atachoka pabolodi, mabishopu awiri akuda nthawi zambiri amakhala amphamvu mokwanira kulepheretsa poni woonjezera uja kubweretsa chipambano.

Boris Spassky wa ku Soviet Union ndi amene anaibwezera ulemu njirayi m'zaka za m'ma 1960. Anaigwiritsa ntchito polimbana ndi Mikhail Tal mu 1965, pa mpikisano wosankha wodzalimbana ndi katswiri wa dziko lonse, ndipo Tal sanathe kuiswa. Pambuyo pake anaisewera akatswiri monga John Nunn ndi Michael Adams a ku England komanso Levon Aronian wa ku Armenia. Mu 2004, pa mpikisano wa ukatswiri wa dziko lonse ku Brissago m'dziko la Switzerland, Peter Leko anagonjetsa Vladimir Kramnik pa gemu ya nambala 8 pogwiritsa ntchito Marshall Attack. Kramnik ankasewera mofulumira potsatira zomwe anakonzekera ndi kompyuta, koma Leko anapeza pabolodi pomwepo kusuntha kwa mfumukazi komwe kukonzekerako kunaphonya.

Mphamvu ya njirayi imaonekeranso pa kuchuluka kwa osewera omwe amaizemba. Ambiri a zoyera sasewera 8.c3, m'malo mwake amasankha 8.a4, 8.h3 kapena 8.d3, njira zomwe pamodzi zimatchedwa Anti-Marshall. Garry Kasparov anachita zimenezi polimbana ndi Nigel Short ku London mu 1993. Pakati pa akatswiri apamwamba a masiku ano, Marshall Attack yafufuzidwa mozama kwambiri moti magemu ambiri amatha molepherana, ndipo imatengedwa ngati chishango chodalirika cha wa zakuda. Pakati pa osewera a m'makalabu ndi m'masukulu idakali njira yoopsa, chifukwa wa zoyera akalakwitsa kamodzi kokha mfumu yake imagwa. M'ndandanda wa njira zoyambira tchesi wa ECO ili pa nambala C89.

Njira zina ndi kasewero kake

Pali njira zina zomwe zili ndi dzina la Marshall. Imodzi ndi Marshall Gambit, yomwe imayamba ndi 1.d4 d5 2.c4 e6 3.Nc3 c6 4.e4, momwe wa zoyera ndi amene amapereka poni. Ina ndi Marshall Defence, 1.d4 d5 2.c4 Nf6, yomwe akatswiri sakuikhulupiriranso. Iye ankakondanso Petrov Defence, njira yomwe ambiri amaiona ngati yofatsa koma iye ankaisewera molusa. Pa mpikisano wa ku New York mu 1927 anasewera njira yomwe lero ikutchedwa Modern Benoni, zaka zambiri isanatchuke.

Chinthu china chomwe anadziwika nacho ndi kupulumuka pa magemu ooneka ngati oluza kale. M'malo mogonja msanga, ankafunafuna kusuntha komwe kungakope mnzake kuti alakwitse. Chitsanzo chodziwika ndi gemu yake ndi Georg Marco ku Monte Carlo mu 1904. Misampha yotereyi inafika potchedwa ndi dzina lake, ndipo mu 1914 anatulutsa buku la mutu wakuti Marshall's Chess Swindles. Ngakhale zinali choncho, akatswiri omwe anaphunzira magemu ake amanena kuti ankadziwanso bwino kusewera kumapeto kwa gemu, pamene zida zatsala zochepa.

Marshall Chess Club

Mu 1915 Marshall anatsegula malo osewerera tchesi ku New York otchedwa Marshall's Chess Divan. Malowa anakula n'kukhala Marshall Chess Club, yomwe kuyambira mu 1931 ili pa 23 West 10th Street m'dera la Greenwich Village. Kalabuyi inakhala pophunzirira achinyamata ambiri, monga Reuben Fine, ndipo kwa zaka zambiri inkapikisana ndi Manhattan Chess Club pa ukulu wa tchesi mumzindawo.

Mu 1905 Marshall anakwatira Caroline Krauss, ndipo anabereka mwana mmodzi wamwamuna, Frank. Caroline ankayendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku za kalabuyo, ndipo anapitiriza kutero mwamuna wake atamwalira mpaka imfa yake mu 1971. Ndi m'kalabu imeneyi momwe Bobby Fischer, ali ndi zaka 13, anagonjetsa Donald Byrne mu 1956 pa gemu yomwe inatchuka padziko lonse. Mu 1965 Fischer anasewera nawo mpikisano wa ku Havana ali m'chipinda cha kalabuyi, kusuntha kwake kukutumizidwa pa makina a telex, chifukwa boma la United States silinamulole kupita ku Cuba.

Zaka zomaliza za mipikisano

Mu 1922 ku Montreal, mzinda womwe anakulira, Marshall anasewera ndi anthu 155 nthawi imodzi, chiwerengero chomwe pa nthawiyo chinali chisanafikidwepo. Anapambana magemu 126, analepherana 21 ndipo analuza 8. Mu 1923 anateteza mpando wake wa United States polimbana ndi Edward Lasker, ndipo anapambana movutikira: magemu 5 kwa 4, ena 9 analepherana.

Ali ndi zaka zoposa 45 anasonyezabe mphamvu. Pa mpikisano waukulu wa ku New York mu 1924 anakhala wachinayi, kumbuyo kwa Lasker, Capablanca ndi Alekhine okha. Ku Moscow mu 1925 anakhalanso wachinayi, kumbuyo kwa Efim Bogoljubov, Lasker ndi Capablanca. Mu 1926 anapambana mpikisano wa ku Chicago, koma ku New York mu 1927 anathera pa nambala yomaliza mwa osewera 6.

M'zaka za m'ma 1930 anatsogolera timu ya United States ku mipikisano ya mayiko ya Chess Olympiad. Timuyo inatenga mendulo yagolide kanayi motsatizana pa mipikisano yomwe inakonzedwa ndi bungwe la FIDE: ku Prague mu 1931, ku Folkestone mu 1933, ku Warsaw mu 1935 ndi ku Stockholm mu 1937. Marshall anali kaputeni komanso wosewera, pakati pa achinyamata monga Isaac Kashdan, Fine, Al Horowitz, Arthur Dake ndi Samuel Reshevsky.

Pofika nthawi imeneyi zinali zoonekeratu kuti achinyamatawo amuposa mphamvu. Mu 1936 Marshall anatula pansi mpando wa ukatswiri wa United States popanda kugonjetsedwa, ndipo anavomereza kuti katswiri azisankhidwa kudzera mu mpikisano wa anthu ambiri. Reshevsky ndi amene anapambana mpikisano woyamba wa mtunduwu chaka chomwecho. Mu 1942 Marshall anatulutsa buku la mbiri ya moyo wake ndi magemu ake, My Fifty Years of Chess, lomwe analemba mothandizidwa ndi Fred Reinfeld.

Imfa ndi chikumbutso

Marshall anamwalira mwadzidzidzi pa 9 Novembala 1944 ku Jersey City, m'chigawo cha New Jersey, ali ndi zaka 67. Mu 1986 anali m'gulu loyamba la osewera omwe analowetsedwa mu U.S. Chess Hall of Fame, limodzi ndi Paul Morphy, Pillsbury, Reshevsky ndi Fischer. Marshall Chess Club ikugwirabe ntchito pamalo omwewo ku New York, ndipo ndi imodzi mwa makalabu akale kwambiri a tchesi ku United States.